Mwana akufuna udokotala, iwo amuchotsera Physics

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa zimene sukulu ina yapulaiveti pa boma la Kasungu yachitira mwana wa mlongo wanga. Dzina la sukuluyo sinditchula. Eni ake akudzidziwa, ndipo aliyense amene amadutsa pa chikwangwani chawo cholonjeza kukonza mapointi a MSCE aizindikira.

Mtsikanayu analemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha pa CDSS ya kwathu kuno ndipo anapeza mapointi 16. Pamudzi panali nthungululu. Koma iye sanasangalale, chifukwa kuyambira ali ku pulayimale amangonena za udokotala, ndipo pa zotsatira zake Chemistry panali 5, Physics panali 6. Biology anapeza 2, Masamu 3, Chingerezi 3. Aliyense amene anaonapo zofunikira za ku KUHeS, yunivesite yophunzitsa udokotala ndi zaumoyo, akudziwa kuti kumeneko amayang'anitsitsa magiredi a Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi, ndipo opikisana nawo amabwera ndi 1 ndi 2 pa maphunziro amenewa. Tinakhala pansi ngati banja. Ine monga malume ndinati abwereze, akonze maphunziro awiri omwe anamugwetsawo. Ndinagulitsa matumba 6 a soya ndi mbuzi 2. Mlongo wanga anawonjezera ndalama ya fodya yomwe amati agulire malata. Tinamupezera chipinda cha lendi pa boma, tinalipira fizi.

Tsiku lolembetsa ndinapita ndekha. Ndinawauza ahedi pamaso, ndipo ndinabwereza kawiri, kuti mwanayu tamubweretsera Chemistry ndi Physics. Anagwedeza mutu nati, "Musadandaule bambo, ntchito yathu ndi imeneyo."

Sabata yatha mwana anandiimbira akulira. Atawaitana kuti aliyense aone ngati dzina lake ndi maphunziro amene adzalembe zalembedwa bwino, anapeza kuti Physics palibe. M'malo mwake amuikira Bible Knowledge ndi History. Sanamufunse, sanandiimbire, nambala yanga ali nayo m'kaundula wawo ndipo pokumbutsa za fizi saiiwala. Nditakwera minibasi kukafunsa, yankho limene ndinalandira ndi limene landichititsa kulemba kalatayi. Akuti Physics ndi yovuta, imagwetsa ana, pamene maphunziro awiriwa ndi ongowerenga ndipo mwana angatsike mpaka mapointi 10. Akuti amuchitira chifundo.

Chifundo chanji? Ine ndine mkulu wa mpingo, Baibulo ndimalilemekeza, ndipo History sindikuinyoza. Koma ndani anawauza kuti 1 wa Bible Knowledge angalowe m'malo mwa Physics pa fomu ya udokotala? Mapointi a MSCE amawerengera maphunziro 6 amene munthu wakhoza kwambiri, n'chifukwa chake n'zotheka kuwatsitsa ndi maphunziro amene sakukhudzana ndi zomwe ukufuna kukaphunzira. Nambalayo imaoneka bwino pa chikwangwani cha sukulu, imakopa makolo ena chaka chamawa. Mwini wake, akafika pofunsira malo ku yunivesite, amapeza kuti khomo limene analilipirira fizi chaka chonse ndi lotsekabe. Mwana wa mlongo wanga akanadzatuluka ndi mapointi 10 opanda Physics, ife n'kuvina, kenaka n'kumva kuti sakuyenera n'komwe kupikisana nawo. Chaka chatha anali ndi 6 pa Physics, yemwe ndi credit. Chaka chino amafuna kumusiya wopanda kanthu. Kumeneku ndiye kukonza?

Amenewa ndi malonda, ndipo ogulitsidwa ndi ana athu. Akutidyera masuku pamutu chifukwa akudziwa kuti makolo ambiri a kumudzi sitinafike Fomu 4. Timangomva kuti mapointi ochepa ndiye abwino, basi. Mlongo wanga atamva za mapointi 10 anayamba kuwaikira kumbuyo aphunzitsiwo, mpaka ndinachita kumukhazika pansi n'kumulembera pa pepala.

Ndipo Chemistry imene anamusiyirayo ikuphunzitsidwa bwanji? Ndinapempha kuona labotale. Anandionetsa kabati ya m'ofesi ya ahedi, mkati muli mabotolo angapo a fumbi. Mayeso a Chemistry ali ndi pepala la practical, la Physics ndi Biology chimodzimodzi. Mwana amene anavutika pa titration, njira yoyezera mankhwala powasakaniza pang'onopang'ono, chifukwa anagwira burette, kachubu kagalasi koyezerako, koyamba tsiku la mayeso, lero akubwereza pa sukulu yolipira ndipo akuphunzirabe titration yojambulidwa pa bolodi ndi choko. Mphunzitsi wake amabwera madzulo, atatopa kale kumene amagwira ntchito masana, ndipo mwezi watha sanaoneke masabata awiri chifukwa akuti sanalipidwe. Fizi yathu inapita kuti?

Nkhaniyi ikundipweteka kwambiri ndikaganiza kumene inayambira. Mwanayu sanapeze 6 pa Physics chifukwa cha ulesi. CDSS ya kwathu ilibe labotale, ilibe magetsi, ndipo amene ankawaphunzitsa Physics anali mphunzitsi wa Agriculture wongodzipereka. Kale Physics ndi Chemistry zinali phunziro limodzi la Physical Science. Anazigawa pawiri, zimene ndi zabwino, koma kumidzi kuno aphunzitsi ndi zipangizo sizinachuluke kawiri. M'boma lomweli la Kasungu, ku Mtunthama, kuli Kamuzu Academy imene inatsegulidwa mu 1981, kumene ana amaphunzira sayansi ndi zipangizo zenizeni mpaka A-level. Sindikuwachitira nsanje, makolo awo amalipira. Koma mwana wa mlimi wa soya wa kwa Santhe kapena ku Chulu akulimbirana mpando womwewo wa udokotala ku KUHeS ku Blantyre ndi ana amenewo, ndipo mwayi wake wachiwiri, wobwerezawu, ukubedwanso ndi anthu ofuna kukongoletsa chikwangwani.

Kenaka timadabwa kuti pa chipatala chaching'ono cha kwathu pali medical assistant m'modzi wogwira usana ndi usiku, ndipo wodwala kwambiri amachita kutumizidwa pa boma kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Dziko lino linayamba kuphunzitsa lokha madokotala mu 1991 pamene College of Medicine inatsegulidwa, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS. Ulendo wake ndi wautali, zaka 6 kuwerengera chaka choyamba chokonzekera, ndipo m'chaka choyambacho muli Chemistry ndi Physics yemweyo amene ahedi athu akuti ana azimuthawa. Amene adzavomere kubwerera kudzagwira ntchito kumudzi ndi ana okulira kumudzi. Tikuwatchinga tokha pa Fomu 4.

Chinanso, m'miyezi yonseyi palibe mphunzitsi ndi m'modzi yemwe amene anamuuza mwanayu kuti palinso njira zina. Za uclinical officer ku Malawi College of Health Sciences, za makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Malamulo ndi Nkhoma, anazimva kwa namwino wina paminibasi. Nazonso zimafuna sayansi.

Ndikupempha a ofesi ya Central East Education Division, amene ali pompano pa Kasungu, kuti ayendere sukulu zobwerezetsazi, ayerekeze zimene makolo analipirira ndi zimene ana alembetsedwa. A Unduna wa Zamaphunziro, sukulu yopanda labotale isamaloledwe kulengeza kuti imakonza magiredi a sayansi. A MANEB, tithandizeni ndi lamulo loti phunziro la mwana lisasinthidwe popanda siginecha ya mwanayo ndi kholo lake. A ISAMA, bungwe la sukulu zapulaiveti, ngati sukuluyi ndi membala wanu, ilangizeni. A NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndi a KUHeS, zofunikira za udokotala zilembedwe m'Chichewa pa pepala limodzi, lipachikidwe pa CDSS iliyonse ndi kuwerengedwa pa wailesi, kuti kholo lisamanamizidwe.

Makolo anzanga amene ana anu akubwereza, pitani mukaone ndi maso anu mndandanda wa maphunziro amene awalembetsa, sabata ino, nthawi yokonza isanathe.

Ahedi alonjeza kuti Physics ibwezeretsedwa. Miyezi imene mwana wakhala osaiphunzira sananenepo kanthu. Lolemba ndikubweranso, ndipo ndidzakhala pakhomo la ofesi yawo mpaka andionetse pepala lokonzedwalo ndi kundiuza dzina la amene aziphunzitsa Physics.

Malume wokhumudwa,
Santhe, Kasungu