Mchere Ukundisowetsa Tulo

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako ndinailandira Lachitatu ndipo ndaiwerenga katatu. Kodi iwe mpaka pano ukundisekabe kuti ndinabwera kuyunivesite kudzaphunzira matope? Dikira tsiku limene udzayambe kulima munda uja umaulakalaka, udzandifuna wekha. Mng'ono wako anandiimbira kuti wapeza ntchito, ndasangalala naye kwambiri. Zotsatira za semesita yatha zatuluka, ndakhoza zonse. Koma zimenezo tiziike pambali, mtima wanga uli pa zitini zanga.

Ndinali ndi zitini 24 za dothi lokumba ndekha, manja mpaka matuza. Pofuna kudziwa madzi amene ali m'dothi, timaliyeza pasikelo likadali lonyowa, n'kuliika mu uvuni wotentha madigiri 105 kwa maola 24, kenako n'kuliyezanso. Kulemera kumene kwachokako ndiwo madziwo. Ndiye wina anabwera usiku, n'kutulutsa zitini zanga zisanaume kuti aikemo zake. M'mawa ndinazipeza pawindo zosavundikira, timapepala ta manambala tili mbwee pansi. Ntchito ya milungu iwiri yalowa m'madzi, ndipo mwini wake mpaka lero sanabwere kudzapepesa. Mlamu wako akuti ndingoiwala. Ndiiwala bwanji?

Komabe chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi mchere. Iwe, madzi alionse othirira, kaya a mumtsinje kaya a pachitsime, amakhala ndi mchere wosungunuka ngakhale pakamwa asamamveke. Mbewu imamwa madzi, dzuwa limauma ena, koma mchere wambiri umatsalira m'nthaka. Aphunzitsi athu anatipatsa samu imene yandikhala pamtima. Tenga madzi okhala ndi mamiligalamu 640 a mchere pa lita imodzi, amene anthu ambiri amathirira osadandaula. Ukathira mamilimita 500 pa hekitala imodzi, ndiye kuti wathira malita 5 miliyoni, ndipo walowetsa m'mundamo mchere woposa matani atatu. Nyengo imodzi yokha! Ndinabwereza samuyo kanayi poganiza kuti ndalakwitsa.

Mchere ukachuluka, mizu imalephera kukoka madzi, mbewu n'kumafota nthaka ili chinyowere. Mlimi akaona zimenezo amawonjezera madzi, poganiza kuti ndi ludzu. Ngati munda ulibe ngalande zotulutsira madzi otsala, madzi apansi amakwera, n'kubweretsa mchere wina pamwamba. Kenako pamayamba kuoneka zoyera ngati phulusa, munda wasanduka chikungu. Nyemba ndizo zimayamba kugonja, balere amapirira kwambiri. Mankhwala ake ndi kuthira madzi opitirira pang'ono kuti atsuke mcherewo utsike kupyola mizu, koma madziwo akhale ndi kotulukira. Anthu amakonda kugula pampu ndi mapaipi, za ngalande amaziona ngati kutaya ndalama. Zimenezi zimandipweteka.

Aphunzitsi aja anationetsanso zithunzi za nyanja ya Aral ku Central Asia. Inali yachinayi pa nyanja zikuluzikulu zozunguliridwa ndi mtunda, koma kuyambira m'ma 1960 madzi a mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya anapatutsidwa kukathirira thonje. Lero zombo zili gone pamchenga, zachita dzimbiri, ndipo mphepo imanyamula fumbi la mchere kukalithira m'minda ndi m'mapapo a anthu. M'kalasi monse munangoti zii. Chiyambire tsiku limenelo ndikaona kachinthu koyera pansi ndimawerama n'kukhudza. Ngakhale kamphika ka maluwa ka mnzanga wogona naye chipinda chimodzi ndakachita chipikisheni, m'mphepete mwake mwayamba kale kuyera, ndipo ndamuuza aboole pansi pake.

Nthawi zina ndimaopa kuti ndidzamaliza maphunzirowa, n'kukaima pamaso pa mlimi amene wathirira zaka 30, ndimuuze kuti madzi ake omwewo akumudyera munda. Adzandimvera ine mwana wadzana? Iwe ndiwe unkadziwa kulankhula ndi akuluakulu, ine ndinkangoima kumbuyo kwako. Ndakusowa kwambiri, makamaka madzulo ngati ano.

Uwapatse moni mayi ukawaimbira. Mawa ndikudzuka m'bandakucha kukakumbanso dothi lija, ulendo uno manambala ndilemba pachitini penipeni. Ndimafuna ndikuuzenso za mphete ziwiri zachitsulo zimene timakhomera pansi poyeza mmene madzi amalowera m'nthaka, koma pepala latha, maso nawo akulemera, ndiye ndilekere pomwepa.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.