Kanema wa mizukwa pa msika wa Domwe wachititsa ana kuthawa mlongo wanga

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzi yanu, chifukwa pakamwa ndayankhula mpaka kukhosi kuuma ndipo palibe wandimva. Nkhani yake ndi ya nyumba ya kanema ija ili kuseri kwa mabaraka pa msika wathu kuno ku Domwe, m'boma la Angonia ku Mozambique. Odutsa pamenepo akuidziwa: malata a dzimbiri, chiguduli pakhomo, sola padenga, sipika yolira kuyambira m'mamawa ngati pali chinkhoswe. Sabata ino ndi yachitatu mnyamata woyendetsa nyumbayo akuonetsa filimu imodzimodzi ya mizukwa, masana dzuwa lili paliwombo, kwa ana oti ngakhale mamina sadziwa kupukuta okha.

Lamlungu lapitali mlongo wanga anaphika nsima ya mgaiwa ndi nyemba. Anagawa m'mbale monga amachitira tsiku lililonse, n'kutenga imodzi kupatsa mdzukulu wanga wa zaka 8. Mwanayo anabisa manja kumbuyo, n'kubwerera chafutambuyo mpaka kugunda khoma. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, watani?" Anayankha akunjenjemera: "Sindidya za agogo awa. Anasowa kalekale n'kubweranso. Anzanga akuti si munthu." Mlongo wanga anaika mbaleyo pansi mwakachetechete, anakakhala kuseri kwa nkhokwe, ndipo tsiku limenelo sanalawe kanthu. Mwana ameneyu wakulira kumsana kwa agogo akewo. Ndi iwo amene ankamutafunira mbatata asanamere mano.

Nditafufuza ndinamva kuti si mdzukulu wanga yekha. Ku mjigo ana akamuona mlongo wanga akubwera ndi ndowa amathawa akukuwa kuti mzukwa. Wina anamugenda ndi chitsononkho. Zonsezi zayamba filimu ija itabwera.

Lachiwiri ndinasiya kupalira kachewere wanga, ndinalipira mameticais 10 pakhomo, n'kukhala pa benchi kuti ndione ndi maso anga. Ana amalipira 5. M'katimo ndinawerenga ana 27, ambiri atavala yunifolomu, makope ali m'majumbo, nthawi ili 10 koloko m'mawa. Akuluakulu tinalimo anayi. Mdima, fungo la thukuta ndi fodya, kamtsikana kena katabereka mng'ono wake kumbuyo. Nkhani ya filimuyo ndi ya ana awiri a bere limodzi, mnyamata ndi mtsikana, amene makolo awo atamwalira analekanitsidwa ali aang'ono. Patapita zaka zambiri mtsikana uja akugogoda pa chitseko cha mlongo wake, iye n'kumulandira ndi misozi. Kuchokera pamenepo m'nyumbamo muyamba zoopsa: galu kufa, mlendoyo kuyendayenda usiku maso ali gwa, magazi pakhoma, mpaka kudziwika kuti wobwerayo ndi chinthu chochokera kumanda chimene chavala nkhope ya mwana wosowa uja. Pa malo ena ine, bambo wa imvi, ndinayang'ana pansi. Kamnyamata kamene kanali pambali panga kanakodzera pa benchi ndipo anzake anakaseka.

Chimene chandipsetsa mtima koposa ndi mawu a wotanthauzira. Mukudziwa kuti mafilimu amenewa amabwera pa fulashi, wina atayankhuliramo kale m'Chichewa. Wa filimu iyi sakutanthauzira chabe. Akuthiramo nthabwala zake, akuuza oonera kuti m'bale wako akasowa n'kudzatulukira usamutsegulire chitseko, ndipo akuti otere aliponso m'midzi mwathu muno. Mwana wa zaka 8 akamva zimenezi m'chiyankhulo chimene amayi ake amamulangizira, adziwa bwanji kuti ndi bodza la munthu wofuna ndalama? Kwa iye mzungu wa pa kanema ali kutali, koma mawuwo ndi a pakhomo.

Opanga filimuyo kwawoko mwina alibe m'bale amene anasowapo. Ife kuno tili nawo. Mu 1986, nkhondo itafika poipa m'dera lino, tinathawa usiku. Ine ndinali ndi zaka 11, mlongo wanga 6. Amayi anabereka khanda, mtolo pamutu, ndipo ine anandiuza kuti ndigwire dzanja la mlongo wanga osalisiya. Tili pa kamtsinje mfuti zinalira pafupi, anthu anabalalika, dzanja lija linandipulumuka. Kunacha tili mbali ya Dedza, iye palibe. Ndinafuula dzina lake mpaka mawu kutha. Anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi pa nkhondo imeneyo, ena ku Zambia, ena ku Zimbabwe, ndipo mabanja amene anawoloka athunthu anali amwayi.

Zaka 8 tinakhala osadziwa ngati ali moyo. Achibale anauza amayi kuti tilire maliro, timete, nkhani ithe. Amayi anakana kumeta. Ankati sangametere mwana amene sanaone mtembo wake. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 pakati pa a Joaquim Chissano a boma ndi a Afonso Dhlakama a Renamo, anthu n'kuyamba kubwerera kumabwinja awo. A Red Cross ndi mabungwe ena ankajambula ana osowa makolo n'kumata zithunzi zawo poyera kuti abale awazindikire, ndipo ine ndinkaima pa zithunzizo maola, kuyang'ana nkhope iliyonse kawirikawiri. Mu 1994 uthenga unafika. Mayi wina wa ku Makanga anamutola usiku uja, anapita naye mpaka ku Ukwimi m'dziko la Zambia, kumene kunali othawa nkhondo anzathu, ndipo anamulera ngati wake. Anabwera ali namwali wa zaka 14, akuyankhula mosakaniza ndi Chinsenga, sitinadziwane. Amayi anamugwira mkono wamanzere, anautembenuza, anapeza chipsera cha phala limene linamutayikira akukwawa. Anagwa pansi. Tsiku limenelo m'mudzi munalira nthungululu kuposa pa ukwati uliwonse umene ndinaonapo.

Munthu ameneyu ndi amene lero ana akumutcha mzukwa. N'zoona kuti sayankhulayankhula. N'zoona kuti mvula ikamagunda usiku amadzuka n'kukakhala pakhonde mpaka kucha, chifukwa kugunda kumamukumbutsa kamtsinje kaja. Kale ana ankadziwa kuti agogo amaopa ziphaliwali, basi. Lero akuti ndi umboni. Ndipo mlongo wanga sali yekha. Kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Tsangano ndi ku Furancungo, ndi mudzi uti umene ulibe munthu amene anasowa pa nkhondo n'kudzabwera patapita zaka? Ndi mudzi uti umene ulibe mayi wokalamba amene mpaka pano akaona mlendo akupatukira pakhomo mtima umadumpha? Filimu imeneyi ikuphunzitsa adzukulu awo kuti tsiku limene amayiwo akhala akulipempherera ndi tsiku la tsoka.

Filimu itatha ndinamuitanira pambali mnyamata uja. Ndinati, "Mwana wanga, kodi ukuona zimene ukuwadyetsa anawa?" Anandiyankha maso ali pa foni: "Madala, ndi filimu chabe. Ana amabwera okha, ine sindiwaitana. Ndikaika za mpira masana sabwera." Ndinamuuza za mlongo wanga, iye n'kuseka, ati agogowo asamatengere zinthu pamtima. Pabolodi lake panja analemba ndi choko kuti filimuyo ibwerezedwa katatu pa tsiku chifukwa anthu aikonda. Mnyamata ameneyu anabadwa nkhondo itatha. Sanagonepo m'thengo, sanadyepo nandolo wa pa mzere wa othawa nkhondo, ndipo misozi ya amayi anga waigulitsa pa mameticais 5. Akanakhala kuti akugulitsa nyama yowola, msika wonse ukanamukokera kwa amfumu tsiku lomwelo. Chifukwa chowolacho chikulowera m'maso, aliyense wangoti ziii.

Lamulo lilipo, a Mkonzi. Dziko lino lili ndi lamulo nambala 6/99 la chaka cha 1999, lokhudza kulowa kwa ana m'malo a zisangalalo za usiku, kuonera makanema, ndi kugulitsidwa mowa ndi fodya. Lilinso ndi lamulo nambala 7/2008 loteteza ufulu wa mwana, ndipo mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Malamulo amenewa sanalembedwere ana a ku Maputo okha. Ndinapita kukaonana ndi mmodzi mwa akuluakulu oyang'anira dera lathu. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anati nkhaniyo aimva ndipo aiona. Padutsa masiku angapo, sipika ikulirabe. Wotolera msonkho wa pa msika amafika pa nyumba ya kanemayo tsiku lililonse la msika, amakankha chiguduli chija, amalandira ndalama yake, amaona ana a yunifolomu ali mbwee pa mabenchi, n'kutuluka. Maso ali nawo oonera ndalama, oonera ana alibe?

Musandimve ngati munthu wodana ndi nkhani zoopsa. Tonse tinakulira nthano za afisi ovala zikopa za anthu ndi za zimphona zomeza mudzi. Koma wokamba anali agogo ako, pamoto, iwe utatsamira mwendo wawo, ukuyankha kuti tili tonse, ndipo ukayamba kunjenjemera ankaona n'kusintha nyimbo. Ngakhale Gule Wamkulu, amene a UNESCO anamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, amaopsa ana, koma ali ndi eni ake, nthawi yake ndi bwalo lake, ndipo akalakwitsa tikudziwa kokadandaula. Za pa fulashi mwini wake ndani? Mwana amatuluka m'chimdima chija yekha, mutu utadzaza, n'kukagona pa mphasa popanda womufunsa chimene waona. Mdzukulu wanga usiku wachinayi uno akudzuka akulira, ndipo wayambanso kukodza pogona, zimene anasiya kalekale.

Mantha otere sathera pa ana. Tinamva zimene zinachitika kwa anansi athu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa. Zinayamba ndi kunong'onezana. Kuno kwathu nkhalamba zingati zathamangitsidwa m'midzi chifukwa mwana wina walota n'kutchula dzina? Lero ndi chitsononkho ku mjigo. Mawa mwana wa wina akadwala malungo, mayi wake akakumbukira zimene ana akhala akuimba, chimene chidzaponyedwe pa nyumba ya mlongo wanga ndi mwala kapena moto. Ine sindidikira tsiku limenelo.

Ndipo makolo anzanga, inunso ndikufunseni. Mameticais 5 amenewo mwana akuwatenga kuti? Nyengo yokumba kachewere ikafika timaponyera ana ndalama kuti atichoke pamaso, ife tili pa baraka mpaka usiku. Pa msika womwewo timabotolo ta mowa woŵaŵa tikugulitsidwa kwa anyamata oti ndevu sizinamere, juga ya pa makina ili pakhomo pa golosale, mafoni a akuluakulu ali m'manja mwa ana ndi zonse zili m'menemo. Aphunzitsi akuitana mayina m'kalasi mabenchi ali pululu, pamene ana awo ali mtunda wosakwana kuponya mwala. Sukulu ili ndi komiti ya makolo imene timasankha ndi manja athu. Mipingo ili mbali zonse za msika, mabelu ndi zimkuzamawu kupikisana Lamlungu, koma sindinamvepo mlaliki ngakhale mmodzi akutchula nyumba imeneyi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero pamaliro ndi paukwati, koma pa msika aliyense amayang'ana thumba lake.

Pempho langa ndi lalifupi. Amfumu, a sekeletale a dera ndi apolisi apite limodzi ku nyumba imeneyo sabata ino, filimuyo ichotsedwe pa fulashi iwo akuona. Nthawi ya sukulu mwana wa yunifolomu asalowe m'nyumba ya kanema iliyonse, ndipo za mizukwa ndi za magazi zizionetsedwa usiku kwa akuluakulu okha, zaka zitalembedwa pabolodi. Wobwereza atsekeredwe. Kholo limene lauzidwa kuti adzaiona ngati ine liimbe 116, nambala yaulere ya Linha Fala Criança, yothandiza ana. Ndipo aphunzitsi aitane anthu amene anathawa nkhondo kuti akafotokozere ana m'kalasi mmene abale ankasowera ndi mmene ankapezekera. Ine ndili wokonzeka kupita, ndi chithunzi cha 1994 chimene ndimasunga m'Baibulo.

Mlongo wanga wasiya kupita ku mjigo, madzi ndikutunga ndine pa njinga. Dzulo madzulo anandifunsa ngati kuli bwino apite kukakhala kwa ana a mayi uja anamulera, kuti mdzukulu wathu azidya. Ndinamuuza kuti dzanja lake linandipulumuka kamodzi ndipo sapita kulikonse. Tsiku la msika likubwerali ndikakhala pa mpando pakhomo pa nyumba ya kanemayo kuyambira 7 koloko, ndipo mwana aliyense wa yunifolomu ndikamubweza ndekha.

Kholo lokwiya,
Domwe, Angonia