Chinyezi cha mu Mzuzu chisatiwonongere chakudya

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndikumbutse anzanga a mu Mzuzu muno amene amagula chakudya cha mwezi wonse malipiro akangolowa. Kupikula n'kwabwino, koma mzinda uno ndi wachinyezi, ndipo zambiri zimawonongekera m'nyumba momwemo.

Ufa wa mgaiwa suchedwa kuwawa chifukwa mtima wa chimanga uli ndi mafuta, choncho gayitsani wokwana masabata awiri basi. Ukachoka kuchigayo umakhala wotentha. Uyanikeni pa mkeka uyambe wazizira musanautsekere m'ndowa, apo ayi umachita mibulu n'kuyamba kununkha chuku. Thumba lisakhudze simenti kapena khoma, lisanjikeni pa matabwa.

Chimanga ndi nyemba gulani nthawi yokolola mitengo isanakwere. Pofuna kudziwa ngati zauma, ikani njere zodzadza dzanja m'botolo louma, thiranimo supuni imodzi ya mchere, n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, kayanikeninso. Zikauma, thumba la PICS, lija losalowa mpweya losungiramo mbewu, limapha anankafumbwe popanda mankhwala, bola mufinye mpweya, mumange mapulasitiki awiri a mkatiwo lililonse palokha, ndipo lisabooke. Ambiri amalitsegula tsiku ndi tsiku, kenako n'kumati thumbalo ndi labodza.

Usipa wa ku Nkhata Bay musaunjike nyengo ya mvula, umanyowa n'kuchita nkhungu. Nsinjiro sinjani za tsiku lomwelo, ndipo mtedza wachuku tayani, uli ndi poizoni wosatha ngakhale muukazinge. Mfutso wokha sungani wambiri m'chigubu chotseka bwino, wotendera umapulumutsa m'thumba mukauma chakumapeto kwa mwezi.

Wowerenga wanu,
Chibavi, Mzuzu