Kalata ya kwa mwana wanga, kuchokera ku Edinburgh

Mwana wanga wokondedwa,

Uli bwanji? Ine kuno ndili bwino ndithu. Amayi ako andiuza pa foni kuti Lamlungu lija unalira, ati ukuopa kuti ndidzasochera kuno ku Scotland poti kulibe wondigwira dzanja. Ndiye ndati ndikulembere, amayi akuwerengere pang'onopang'ono ukamaliza kudya.

Sindikubisira, kusochera ndinasocherapo, koma kamodzi kokha. Kuno mwezi wa Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Nthawi imene inu kwathuko mumakhala mukusewera phada pabwalo, kuno kumakhala kutada kale bii. Tsiku limenelo ndinali nditaweruka kuntchito kuja ndimasamalira agogo okalamba, ndipo ndinakwera basi ndisanayang'anitsitse nambala yake. Mabasi a kuno ndi osanjikiza, ali ndi masitepe m'kati, ndipo ine ndinakakhala pamwamba. Tayenda, tayenda, ndikasuzumira pawindo nyumba zonse zachilendo. Kuti ndiyimbire mnzanga, foni nayo inali itatha moto. Mtima unagunda, mwana wanga.

Koma m'thumba la jekete yanga mumakhala kapepala kamene ndinalembapo dzina la msewu wathu ndi nambala ya nyumba. Basi itaima ndinatsika masitepe aja n'kukawaonetsa adalaivala. Anawerenga, anandiuza potsikira, ndipo anandiuzanso nambala ya basi yobwerera. Sindinatsate munthu wachilendo wina aliyense, ndinaima pasiteji powala, pamene panali anthu ena, mpaka basi inabwera. Kuyambira tsiku limenelo sindituluka m'nyumba foni isanadzaze moto. Ndinalowezanso pamtima nambala ya 999, imene kuno umayimba ukafuna apolisi, ambulansi kapena ozimitsa moto.

Powoloka msewu pali kabatani pamtengo wachitsulo. Umakadina n'kudikira. Kamunthu kofiira kakamayaka umaima, kobiriwira kakayaka ndiye umawoloka. Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu komweko, choncho maso anga sanavutike kuzolowera. Chovuta ndi kuzizira. M'mawa madzi amaundana pansi, njira n'kuterera kuposa therere, ndiye ndimavala nsapato zamapazi okhakhala ndi kumayenda timasitepe ting'onoting'ono. Anthu kuno amati uziyenda ngati penguin. Imeneyi ndi mbalame yakuda kumsana, yoyera pamimba, yosauluka koma yodziwa kusambira. Ndinakaziona kumalo osungirako nyama kuno ku Edinburgh, zikuyenda dzandidzandi ngati mwana amene wangoyamba kumene kuyenda. Ndinakukumbuka uli wamng'ono, ukugwira chitenje changa.

Pakati pa mzinda uno pali chithanthwe chachikulu, ndipo pamwamba pake anamangapo linga la mafumu akale. Tsiku lililonse kupatula Lamlungu, Lachisanu Loyera ndi tsiku la Khirisimasi, 1 koloko masana ikakwana, asilikali amaomba mzinga kumeneko. Phuu! Tsiku loyamba ndinadzidzimuka kwambiri, koma amayi ena amene ndinaima nawo pafupi anandigwira paphewa n'kundiuza kuti si nkhondo ayi. Anayamba kuomba mzingawu mu 1861 kuti oyendetsa sitima zapamadzi azidziwa nthawi yeniyeni.

Tsopano tchera khutu, pakuti iyi ndiye nkhani imene ndakhala ndikukusungira. Kodi ukudziwa kuti kunonso kuli Blantyre? Ndinapitako Loweruka lina pa sitima yapamtunda, kudzera ku Glasgow. Ndi katauni kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kosafika n'komwe pa Blantyre wathu. Kumeneko ndi kumene kunabadwira David Livingstone mu 1813, mzungu uja anafika ku nyanja yathu mu 1859, ndipo mzinda wathu anautcha dzina pokumbukira kwawo kwa iyeyu. Nyumba imene anabadwiramo ikadalipo, yopaka zoyera. Ndinalowamo. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi chokha, kuphika momwemo, kugona momwemo. Ali ndi zaka 10 anayamba kugwira ntchito m'fakitale ya thonje, n'kumaphunzira madzulo ataweruka. Ndinaima nthawi yaitali m'kachipinda kaja, ndikuganiza za kamnyamata kotopa kakuwerenga buku tulo tili m'maso. Panja pali chifanizo chachikulu cha mkango utamugwira paphewa, poti unamulumadi ali ku Africa, koma anapulumuka. Ndinachijambula, amayi akuonetsa pa foni.

Usade nkhawa kuti ndikugona ndi njala. Ufa ndimagula m'sitolo ina yogulitsa zakudya za ku Africa, ndipo mthiko uja anandipatsa agogo ndi umene ndimaphikira nsima. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi timakumana ndi anzanga ochokera kwathu, timadyera limodzi n'kumacheza Chichewa mpaka kukhosi mbee. Chimene ndikusowa ndi usipa wa tomato, komanso iweyo.

Undijambulire basi yosanjikiza mmene ukuiganizira, ndi ineyo ndili pamwamba, amayi anditumizire. Uwapatse moni agogo, uwauze kuti mthiko wawo ukadali wolimba.

Ndine amene ndimakukonda,
Amayi ako aang'ono