Kalata kwa mwana wanga: za agulugufe a usiku a Antheraea

Mwana wanga wokondedwa,

Kalata yako ndinailandira, ndipo ndinakondwa kumva kuti wayamba kuchita chidwi ndi agulugufe a usiku amene mbozi zawo zimaluka silika kutchire, mpaka ukuganiza zoitanitsa mazira awo kuchokera kunja kuti uziweta. Amayi ako atawerenga anangoseka, nati matenda a bambo ako akugwira iwenso. Ndisananene maganizo anga pa za mazirawo, ndilole ndikufotokozere zimene ndikudziwa za gulu la Antheraea limene wasankhali, chifukwa m'kalata yako walemba ngati kuti ndi kachirombo kamodzi, pamene ndi mitundu yambirimbiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi dziko lake ndi mtengo wake.

Dzina lakuti Antheraea analipereka katswiri wa tizirombo wa ku Germany, Jacob Hübner, mu 1819, ndipo gululi lili m'banja la agulugufe akuluakulu a usiku lotchedwa Saturniidae. Usawasokoneze ndi Bombyx mori, gulugufe woyera uja amene mbozi zake zimadya masamba a mabulosi, chifukwa iyeyo ndi wa banja lina, ndipo anthu anamuweta kwa zaka zochuluka kwambiri moti anasiya kuuluka. Agulugufe a Antheraea akadali a kutchire ngakhale kumene anthu amawasamalira.

Ukawaona koyamba udzati onse ndi amodzi. Ndi akuluakulu, mapiko awo ndi achikasu chodera, ofiirira kapena a mtundu wa tsamba louma, ndipo pa phiko lililonse mwa mapiko anayiwo pali banga lozungulira looneka ngati diso, limene pakati pake pali kazenera koonekera mkati chifukwa palibe kafumbi kaja kamene kamakuta mapiko. Wamphongo umam'dziwira ku tinyanga take totambalala ngati nthenga, timene amanunkhizira fungo la wamkazi ali kutali usiku, pamene wamkazi tinyanga take n'toonda ndipo mimba yake ndi yaikulu chifukwa yadzaza mazira. Onse awiri alibe pakamwa pogwira ntchito, sadya chilichonse, ndipo amangokhala moyo pafupifupi mlungu umodzi. Mphamvu zonse amazisonkhanitsa akadali mbozi zonenepa zobiriwira, n'chifukwa chake nkhani ya mtengo umene mbozi imadya ndi yaikulu kuposa nkhani ya kukongola kwa mapiko.

Kufanana kumeneku kunandichititsapo manyazi. Ndikuphunzitsa ana za tizirombo, ndinawaonetsa chithunzi cha gulugufe wina n'kumutchula molimba mtima kuti ndi wa ku China, koma madzulo ake, nditayang'anitsitsa chikwa chimene chinajambulidwa pambali pake, ndinaona kuti n'chobiriwira, ndipo ndinazindikira kuti ndawanamiza, chifukwa chikwa chotero n'cha gulugufe wa ku Japan. M'mawa mwake ndinakavomera pamaso pa kalasi yonse. Kuyambira pamenepo sinditchula dzina ndisanaone chikwa ndiponso ndisanadziwe kumene gulugufeyo anapezeka, ndipo ndikukupempha kuti iwenso uzitero.

Wa ku China uja, Antheraea pernyi, mbozi zake zimadya masamba a mitengo ya oak, ndipo alimi a kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, makamaka m'chigawo cha Liaoning, amaziika m'mitengo ya m'mapiri kuti zidye panja. Chikwa chake n'chofiirira. Wa ku Japan, Antheraea yamamai, nayenso amadya oak, koma amaswana kamodzi kokha pachaka, nyengo yozizira amaidutsa akadali dzira, ndipo ulusi wake wobiriwira pang'ono ndi wosowa ndiponso wodula kwambiri.

Ku India ndiye kumene nkhaniyi yakoma. Antheraea mylitta, amene amapereka silika wotchedwa tasar, amapezeka m'nkhalango za Jharkhand, Chhattisgarh ndi Odisha, ndipo mbozi zake zimadya masamba a mitengo imene kumeneko amaitcha arjun, asan ndi sal. Chikwa chake n'cholimba ngati chibade cha mtedza, ndipo chimalendewera pa kachingwe kolimba kamene mbozi imakakolekera kunthambi ngati mphete isanadzitsekere mkati. Mtundu umodzi womwewu uli ndi timagulu tosiyana malinga ndi dera, monga Daba ndi Raily, ndipo timasiyana kukula kwa chikwa, kuchuluka kwa ulusi ndi mtengo umene timakonda. Kum'mawa, m'chigwa cha mtsinje wa Brahmaputra ku Assam, kuli Antheraea assamensis, mwini wake wa silika wa muga, amene ulusi wake umatuluka kale ndi mtundu wa golide popanda kuunyika mu utoto. Mbozi zake zimadya masamba a som ndi soalu, ndipo alimi amayenera kuzilondera zili mumtengo kuti mbalame zisazitole. Mu 2007 boma la India linalembetsa dzina la muga kuti likhale la silika wa ku Assam yekha. Ngati ukufuna umboni woti awa ndi osiyanadi ngakhale akufanana pamaso, akatswiri anawerenga ma chromosome awo, timaulusi ta m'thupi timene timasunga chibadwa ndipo timakhala tiwiritiwiri, napeza kuti assamensis ali ndi magulu a tiwiritiwiri 15, mylitta 31, pamene pernyi ali ndi 49.

Kutsidya la nyanja, ku North America, kuli Antheraea polyphemus, amene amapezeka kuyambira ku Canada mpaka ku Mexico, ndipo akatambasula mapiko amafika masentimita pafupifupi 15. Anam'patsa dzina la chimphona cha diso limodzi cha m'nthano za Agiriki, chifukwa maso a pamapiko ake akumbuyo ndi aakulu ndipo azunguliridwa ndi mtundu wakuda ndi wabuluu. Akasokonezedwa amatukula mapiko akutsogolo mwadzidzidzi n'kuonetsa masowo, moti kambalame kamene kamati kapeza chakudya kamadzidzimuka. Iyeyu sasankha kwambiri, amadya masamba a mitengo yamitundumitundu.

Tsopano ndibwere pa mazira ako aja. M'zaka za m'ma 1860 anthu anatengera yamamai ku Ulaya pofuna silika, agulugufe ena anapulumuka m'dera limene lero ndi Slovenia, ndipo mpaka pano akuuluka m'nkhalango za kumeneko ndi za maiko oyandikana nawo monga Austria, Italy ndi Hungary. Pamenepo zinangochitika mwamwayi kuti sanawononge kwambiri. M'zaka zomwezo munthu wina wa ku France, Étienne Léopold Trouvelot, amene ankaweta polyphemus kuseri kwa nyumba yake ku Medford m'chigawo cha Massachusetts ku United States, anabweretsa mazira a gulugufe wina wa ku Ulaya, Lymantria dispar, amene si wa gulu lino, ndipo cha m'ma 1869 mbozi zina zinam'pulumuka. Zidzukulu za mbozi zimenezo zikudyabe masamba a nkhalango za kum'mawa kwa United States mpaka lero, ngakhale munthuyo sanali ndi cholinga choipa. Komanso mazira amatha kunyamula matenda a pebrine, amene amachoka kwa mayi kupita ku dzira, ndipo sungawaone ndi maso.

Choncho usaitanitse dzira lililonse usanafunse ku ofesi yoona za chitetezo cha zomera ngati lamulo likulola, ndiponso usanatsimikize kuti mtengo umene mbozizo zimadya uli pafupi nawe, chifukwa mbozi ya muga siingadye tsamba lililonse limene ungaipatse, imangofota n'kufa. Ine ndingakonde kuti uyambe ndi agulugufe a banja la Saturniidae amene amabwera okha pa nyale yako usiku. Uziwajambula, uzilemba tsiku ndi mtengo umene wapezapo mbozi kapena chikwa, kenako unditumizire zithunzizo kuti tiziyang'ane limodzi. Amayi ako akupereka moni, ndipo akuti zikwazo usadzaziike m'kabati ya zovala monga ndinkachitira ine.

Ndine bambo ako.