Kwa mwana wanga ku Kraków

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako ndaulandira, ndipo ndakondwa kumva kuti iwe ndi amuna ako muli bwino. Kuno tili bwino, kungoti kwatentha kwambiri, tikuyang'ana kumwamba kudikira mvula. Koma mu uthengawo muli mawu amene sindingawayankhe ndi chala chimodzi pa WhatsApp, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe bwinobwino. Wati ukufuna kusiya makalasi a Chipolishi. Wati kuntchito mumalankhula Chingerezi, m'masitolo achinyamata amakuyankha m'Chingerezi iwe usanamalize n'komwe chiganizo chako, ndipo kwa apongozi amuna ako amakumasulira.

Sindikukana, ku Kraków Chingerezi chingakuyendetse zaka zambiri. Makampani akunja adadzaza mumzindamo, ndipo alendo odzaona malo ali mbwee pa Rynek, bwalo lalikulu la pakati pa mzinda, chaka chonse. Koma iwe sunapite kukaona malo, mwana wanga, unakwatiwa. Banja limene unalowamo limakumana patebulo la apongozi ako kumudzi kuja kufupi ndi Tarnów, ndipo m'badwo wa asewere angawo unkaphunzira Chirasha kusukulu, osati Chingerezi. Womasulira, ngakhale akhale wokukonda chotani, amasefa. Zimene akuona kuti zikupweteka amazidumpha, akatopa amafupikitsa, nkhani ya mphindi khumi n'kukuuza kuti "akungokamba za amalume." Ndipo tsiku limene mwasemphana mawu kunyumba musananyamuke, ndiye kuti tsiku lonse ukhala wogontha pakati pa anthu. Sindikunena kuti mkamwini wanga ndi munthu woipa, ayi, ndimamudziwa. Ndikunena kuti mkazi asamamve za pabanja pake ndi makutu obwereka.

Ukukumbukira kuti zaka zimene ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba ku England, makamaka kuyambira 2004 pamene Poland inalowa mu European Union, anzanga ambiri a pa shifiti ya usiku anali amayi a kumeneko. Zambiri ndikuuza panozi ndinazitola kwa iwo, tikumwa tiyi mbandakucha, zina ndinaziona ndekha pa ukwati wako. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti ndikangonena dziękuję m'malo mwa "thank you" nkhope zawo zinkasintha. Pambuyo pake ndinamvetsa. Kuyambira 1795 mpaka 1918, zaka 123, Poland kunalibe pa mapu. Russia, Prussia ndi Austria anaigawana. M'madera ena Chipolishi chinachotsedwa m'masukulu ndi m'maofesi. M'chaka cha 1901 ana a sukulu a m'tauni ya Września anakana kuyankha phunziro la chipembedzo m'Chijeremani, n'kukwapulidwa. Chilankhulocho chinapulumukira m'makhitchini ndi m'matchalitchi. Anthu oterewa akamva mlendo akuvutikira chilankhulo chawo, ngakhale akuchiphwanya, sachita naye ngati wodutsa.

Wadandaula kuti n'chovuta. Ndi chovutadi, koma chikukuvuta kwambiri chifukwa ukuchilowera pakhomo la Chingerezi. Uli ndi khomo lina limene walitaya dala. Tiyambe ndi kawerengedwe. Malembo awo ndi 32, ndipo mosiyana ndi Chingerezi, sanama: ukadziwa kuti w amamveka ngati v, ł ngati w wathu, c ngati ts, j ngati y, sz ngati sh ndipo cz ngati tch, ndiye kuti Wrocław uwerenga "Vrotswaf" osafunsa munthu. Mawu awo ambiri amatsindika phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pomwe ifenso timakokera tikamati Mulungu, madzulo, ndathokoza. Mverera amuna ako akamati Kraków, kenako w Krakowie, uona kutsindikako kukusuntha kuti kukhalebe pamalo omwewo. Mzungu wa ku Leeds amalimbana nazo miyezi. Iwe khutu limeneli unabadwa nalo. Zokhazo za malembo opanda liwu ounjikana, monga Szczecin, palibe chidule, lilime lizolowere basi, ndipo usamaikemo a, e, i pakati ngati mmene ife tinachitira ndi sukulu ndi buledi.

Chimene chakufooketsa ndikuchidziwa, ndi mayina osintha michira. Khofi ndi kawa, ukamaitanitsa umati poproszę kawę, akatha amati nie ma kawy, ndipo mphunzitsi wakuuza kuti kusintha kotereku kulipo mitundu 7. Kwa munthu wodziwa Chingerezi chokha zimenezi ndi zoopsa, chifukwa kwa iye dzina limangokhala chilili. Koma iweyo kuyambira uli wamng'ono umati mwana wanga, chala changa, nyumba yanga, kabuku kanga, tiana tanga, ndipo palibe anakujambulira tebulo la magulu a mayina. Unangomva kambirimbiri mpaka cholakwika chinayamba kukukanda m'khutu. Ife timasintha mutu, iwo amasintha mchira. Matebulo a m'bukuwo uziwaona, koma loweza ziganizo zathunthu zimene uzinena mawa lomwe, pamsika, pabasi, kwa dokotala. Za manambala, kuti powerenga ndalama zawo amati 2 złote koma 5 złotych, usazitaye nazo tulo, wogulitsa akumva.

Pali china chimene chikundichititsa kukana kuti mkamwini wanga akhale mphunzitsi wako yekhayo. M'Chipolishi mneni wonena za kale amaulula ngati wolankhulayo ndi mwamuna kapena mkazi. Iye akafuna kunena kuti "ndinali" amati byłem, iwe uyenera kunena byłam. Ukamangotengera pakamwa pake, udzalankhula ngati bambo pamaso pa apongozi ako. Peza pakamwa pa mkazi poti uzitengera: alamu ako, mnzako wa kuntchito, ndipo koposa onse apongozi akowo.

Tsono za ulemu, pamene ndikufuna uikepo mtima kuposa galamala yonse. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi wa mwana, wa mfumu ndi wa galu, ndipo zaka za ku England zinakuzoloweza zimenezo. Ku Poland zili ngati kwathu. Munthu wamkulu, kapena aliyense amene simudziwana, ndi Pan akakhala bambo, Pani akakhala mayi, ndipo sumuloza ndi ty, "iwe" wawo, mpaka mwini wake atakuuza kuti tsopano tizitchulana mayina. Woyambitsa zimenezo ndi wamkuluyo, osati iwe. Cześć ndi moni wa anzako. Kwa akulu ndi dzień dobry. Moni ameneyu uzipereka polowa m'kasitolo kakang'ono, m'chikepe cha pamdadada wanu, ngakhale pofika pamalo odikirira dokotala. Akamwini ndi atengwa ambiri kumeneko ukwati ukachitika amaitana apongozi awo kuti mamo ndi tato, amayi ndi abambo, koma mabanja amasiyana, ndiye funsa amuna ako mmene zilili kwawo. Safunsa anadya phula.

Usadabwe kuti m'tramu anthu samwetulira munthu wosamudziwa. Si chidani, kwawo kumwetulira kumafuna chifukwa. Ndipo funso lakuti muli bwanji si moni wongodutsa ngati ku England. Ukalifunsa ukhale ndi nthawi, chifukwa umva za msana, za mitengo ya zinthu, za boma. Pamenepo mpomwe ndinkagwirizana nawo anzanga aja, poti ifenso "mwadzuka bwanji" amafika mpaka pa chifuwa cha mwana.

Za kukuyang'anitsitsa kumudzi kuja wandiuzapo, ndipo sindikunamiza kuti zidzatha. Munthu wakuda m'midzi yawo ndi wosowa. Ena amayang'ana chifukwa cha chidwi, ena ali ndi zawo mumtima. Koma popanda chilankhulo onsewo amaoneka chimodzimodzi, ndipo umayenda ndi mantha ngakhale pamene gogo wina akungouza mnzake kuti tsitsi lako lalukidwa bwino. Ukamamva, udziwa woti umumwetulire, woti umuyankhe, ndi woti ungomudutsa.

Zapakhomo n'zosavuta. Ukalowa m'nyumba ya eni vula nsapato, akupatsa masilipasi amene amati kapcie, ndipo uvale ngakhale akhale aakulu. Usapatse munthu dzanja mutaima pakhomo penipeni, wina kunja wina m'kati; akuluakulu amati n'tsoka. Maluwa opita nawo kwa munthu akhale 3, 5 kapena 7, ndipo asakhale a chrysanthemum chifukwa amenewo ndi a kumanda. Musanadye mumafunirana smacznego, kutanthauza kuti mudye bwino, pochoka patebulo umathokoza. Ukakana chakudya kamodzi sakumva, ndiye yamba ndi pang'ono kuti pakhale malo a chachiwiri. Ndiponso funsa tsiku la imieniny la apongozi ako, tsiku la woyera mtima amene anatengera dzina lake, ulilembe pa kalendala. Kwa anthu a msinkhu wawo limaposa tsiku lobadwa, ndipo palibe amene adzakukumbutse.

Pa 1 Novembala pakubwerapa usati ndatopa, ndipumule kunyumba poti ndi holide. Tsiku limenelo dziko lonse limapita kumanda. Amatsuka ziliza, amaika maluwa, amayatsa makandulo a m'mabotolo amene amati znicze, ndipo madzulo manda onse amawala. Vala zofunda upite nawo. Kumeneko ndi kumene udzaonetsedwe banja lonse, amoyo ndi ogona, ndipo ukaloza chiliza n'kufunsa kuti kto to jest, awa ndani, agogo a amuna ako adzakuuza zimene mdzukulu wawo sanazimvepo.

Koma mayeso ako enieni ndi pa 24 Disembala madzulo, pa Wigilia, mgonero wa usiku wolowera Khirisimasi. Nthawi imeneyo kumada 4 koloko isanakwane, ndipo ana amasuzumira pawindo kudikira nyenyezi yoyamba kuti chakudya chiyambe. Nyama sadya usiku umenewo. Pamakhala supu wofiira wa bitiruti wokhala ndi tizibumi tating'ono ta bowa totchedwa uszka, nsomba ya carp, pierogi, zibumi za ufa zomatira kabichi ndi bowa m'kati, ndipo mabanja osunga mwambo amafikitsa mitundu ya zakudya 12. Pansi pa nsalu ya patebulo amaika udzu wouma pokumbukira modyera ziweto, ndipo amasiya mbale ndi mpando wa mlendo wosayembekezeka. Asanakhale pansi, aliyense amatenga opłatek, kabuledi koyera kopyapyala konga hostiya, n'kupita kwa munthu aliyense payekhapayekha, kunyemerana ndi kuuzana mafuno abwino. Apa womasulira palibe, chifukwa amuna ako adzakhala ali mbali ina ya chipinda akunyemerana ndi wina. Udzaima wekha maso ndi maso ndi apongozi ako aamuna. Ndiye yamba lero kukonza chiganizo chimodzi cha munthu aliyense, chake chake: thanzi kwa agogo, mayeso kwa kamlamu kako kaja, mpumulo kwa amayi amene adzakhale ataphika masiku angapo. Upite nazo kwa mphunzitsi wako akukonzere michira, uloweze.

Ndipo usafike tsiku lomwelo ngati mlendo wodzadya. Pita kudakali masiku, umange chitenje chako ulowe kukhitchini. Pomata pierogi manja amakhala otanganidwa, palibe amene akukuyang'ana pakamwa, ndipo mąka, sól, cebula, ufa, mchere, anyezi, zimalowa m'mutu zokha chifukwa wazigwira. Nkhani ikakuthera ndi agogo aja, auze kuti Papa John Paul II, mwana wa ku Wadowice, tauni ya kufupi ndi Kraków, anafika ku Malawi mu 1989. Auzenso kuti arkibishopu woyamba wa Lusaka anali Mpolishi, Adam Kozłowiecki, amene anapulumuka ku ndende za chipani cha Nazi za Auschwitz ndi Dachau n'kudzakhala ku Zambia mpaka imfa yake mu 2007. Kwa achinyamata zatchalitchi uzisamala nazo, ambiri anatalikirana nacho, ndipo zandale zawo uzingomvetsera, mabanja ena amagawanika nazo patebulo pomwepo.

Palinso za mapepala. Tsiku limene udzafune unzika wa Poland adzakufunsa umboni wa Chipolishi cha mlingo wapakati umene amati B1, ndipo mayeso ake si ongoyankha moni. Kuli bwino uwalembe usanakhale ndi khanda kumsana. Ana amenewo, Mulungu akakupatsani, adzabwera kuchokera kusukulu ya mkaka akulankhula Chipolishi chothamanga, akuseka ndi bambo awo, akunong'onezana ndi agogo awo, ndipo sindikufuna iwe uzidzafunsa mwana wako wobala wekha kuti mwati chiyani.

Ndiye makalasiwo bwerera sabata ino. Mugwirizane ndi amuna ako kuti pa chakudya chamadzulo muzilankhula Chipolishi chokha, iye asamakukonze liwu lililonse, azingokuyankha. Wa m'sitolo akakutembenukira ku Chingerezi, iwe pitiriza Chipolishi chako mwaulemu, atopa yekha. Ndatumiza zitenje ziwiri ndi azakhali ako amene akubwerera ku England mwezi wamawa, adzakutumizira pa positi. Chobiriwiracho n'cha apongozi ako. Undiuze tsiku lawo la imieniny ndi mawu oyenera kunena, undilembere mmene amamvekera, ndidzawaimbire ndekha. Upereke moni kwa mkamwini wanga ndi kwa asewere anga onse.

Ndine,
Mayi ako