Za kabuku kanu ka ulimi wa m'dimba

Okondedwa anzanga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Leeds, ku Mangalande, pamodzi ndi banja lonse. Kuno tilipo ndithu. Kabuku kamene mukulembera alimi a ndiwo zamasamba a kuno kwathu ndakawerenga kawiri, kachiwiriko nditakhala pachitsa m'dimba mwanga, ndipo popeza munati ndisakunyengerereni, ndinena mosapsatira.

Chandidetsa nkhawa kwambiri ndi ndondomeko ya miyezi. Mwalemba kuti matimati afesedwe m'nyumba mu Malichi ndi kuwokeredwa panja kumapeto kwa Meyi chisanu chikatha, zomwe ndi zoona kumeneko, koma kuno Juni ndi Julaye ndiyo miyezi yozizira. Mlimi wa kwathu amalowa m'dimba mvula ikakata mu Epulo, madzi akayamba kuphwa m'dambo, ndipo amathirira ndi keni mpaka mvula ya mu Novembala. Ndinaseka pang'ono poona kuti nyengo yozizira mwaitcha dzinja. Kodi zaka zimenezi zakuiwalitsani kuti dzinja ndi nyengo ya mvula, pamene matimati amapsa ndi chiwawu chifukwa cha chinyezi? Mukumbukirenso kuti wolima ku Tsangano ndi wolima ku Nsanje sangatsate tsiku limodzi, pakuti wina ali kumapiri kozizira, wina ali kuchigwa kotentha. Mukafuna kutsimikiza za mbewu ndi nyengo, funsani alangizi kapena akatswiri a kumalo ofufuzira zaulimi ku Bvumbwe.

Pa za feteleza, musangoti "thirani feteleza". Yureya ali ndi nayitrojeni wokwana 46 pa 100 aliwonse pomwe CAN ali ndi pafupifupi 27, choncho munthu wothira muyezo wofanana osadziwa kusiyanaku akhoza kuwotcha mbande zake. Magalamu amene mwalembawo ndi olondola, koma ndani ali ndi sikelo kudimba? Yezani nokha kuti kachitsekero ka botolo kamalowa feteleza wochuluka bwanji, ndipo madzi muwawerenge ndi ndowa ya malita 20.

Maina a ndiwo nawonso atchulidwe monga timatchulira pamsika. Bonongwe, luni, chisoso ndi kholowa mwaziponya kumapeto ndi maina achilatini okha, ngati kuti ndi udzu, chonsecho ndi ndiwo zimene zimapulumutsa mabanja ambiri. Ziganizo zina zatalika mpaka wowerenga kuiwala poyambira, makamaka pamutu wa nazale.

Mutu wa manyowa musaukhudze, ngwabwino kwambiri. Momwe mwafotokozera za kubaya ndodo mumulu ndi kuigwira kuti munthu amve ngati mwatentha, ndamva ngati ndikuona agogo anu aja akuchita zimenezo kuseri kwa khola.

Chithunzi chapachikuto, cha manja ovala magolovesi oyera atagwira maluwa, nchokongola, koma mayi wolima mpiru sangadzione pamenepo. Ikani bedi la mpiru lothiriridwa m'mamawa, ndipo mkatimo muonetse tsamba lotembenuzidwa kuti nsabwe ndi akangaude ofiira, amene amavuta m'miyezi yotentha, zioneke bwino. Repu wanga wagwidwa kale ndi nsabwe kubedi lakumunsi, ndiye ndidikira kaye kupopera nimu mpaka Loweruka kuti ndikujambulireni.

Mundiperekere moni kwa onse kunyumba.

Ndine mnzanu wakale,
wa kuno ku Ntcheu